Injini ya Boti ya a Sajeni

Chaka chimene kolona anatseka dziko, ine ndinali mlonda pa nyumba ina yaitali ya maofesi ku Business Bay, mumzinda wa Dubai. Abale kumudzi ndinkawauza kuti ndine ofisala wa zachitetezo, koma ntchito yake inali ya ulonda womwewu, kungoti chibonga panalibe. M'malo mwake anatipatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, koti aliyense wolowa tizimuloza nako pachipumi. Olowawo ndiye anali osowa. Mabwana onse ankagwirira ntchito kunyumba, moti tsiku linkatha titaloza amayi okolopa, bambo wothirira maluwa, ndi ife eni ake tikasowa chochita.

Pakhomo tinkakhalapo atatu: ine wa ku Ndirande, mnzanga wina wa ku Zambia amene anakulira m'makomboni a ku Lusaka, ndi bambo ena achikulire amene tonse tinkawatchula kuti a Sajeni.

A Sajeni kwawo kunali ku kadziko kena ka zilumba pakati pa nyanja ya mchere. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu a kumeneko ndi ochepa kwambiri moti kungotchula dzikolo ndiye kuti ndawatchula iwowo, akazi awo, ndi apongozi awo omwe. Anagwira upolisi pa kachilumba kawo mpaka imvi, ndipo atapuma n'kuona kuti penshoni ikuthera pa sopo ndi mchere, anabwera ku Dubai kudzavala yunifomu ina. Ankayenda ngati akadali pa perete. Ndevu zawo za pamlomo wapamwamba ankazipesa m'mawa uliwonse, kenako n'kuzivundikira ndi masiki tsiku lonse.

Tinkagona chipinda chimodzi ku Al Quoz, kumene makampani amasungako antchito awo pakati pa mashedi ndi magalaja. Iwo bedi la pansi, ine la pamwamba pawo. Tinkamvana m'Chingerezi chothyokathyoka chothiramo yalla ndi khalas za Aluya, ndipo popeza ntchito inali yosowa, tinkangokhalira nkhani.

Tsiku lina ndinawafunsa mlandu waukulu kwambiri umene anaugwirapo pa upolisi wawo wonse.

Anaganiza nthawi yaitali. "Mbuzi," anatero.

"Mbuzi zingati?"

"Imodzi. Koma inali ya abusa."

Anatifotokozera kuti kwawoko wakuba sathamangitsidwa. Athawira kuti? Uku nyanja, uko nyanja. Wapolisi amangopita padoko tsiku limene sitima yabwera n'kukhala pamthunzi kumadikira. Chitokosi chinalipo chimodzi, koma nthawi zambiri ankasungiramo maukonde olandidwa ndi njinga ya ofesi, moti munthu akamangidwa ankayamba watulutsa yekha katunduyo kuti apeze pogona. Wophika papolisi panalibe, choncho mkaidi ankapita kukadya kwawo masana n'kubwerera. Mmodzi yekha ndi amene sanabwerere, chifukwa kunagwa mvula. Anafika m'mawa mwake atanyamula mapapaya opepesera.

Mnzanga wa ku Lusaka anandiyang'ana n'kunena m'Chinyanja chake kuti a Sajeni asamve: "Boi, aba ba mudala sibenze ba kapokola. Benze chabe pa holide." Kapokola kwawoko ndi wapolisi.

Ine ndinawauza za kwathu. Ndinawauza za akuba amene anatiwedzera mabulangete pawindo ndi ndodo yokhala ndi mbedza. Ndinawauza za aneba athu amene anapita kumaliro ku Thyolo n'kubwerako kupeza nyumba ilibe malata, ndi za amalume anga amene batire ya galimoto ankalowa nayo kuchipinda ngati mkazi wachiwiri. A Sajeni ankamvetsera mwachifundo, ngati akumva za dziko la nkhondo.

"Nanga wakubayo, amayi ake simunkawadziwa?" anandifunsa.

Ndinati Ndirande ndi yaikulu.

"Ndiye vuto lanu limenelo," anatero.

Dubai nayo inkatisokoneza mwanjira yake. Munthu ankasiya foni pabenchi n'kupita kukagula madzi, pobwera n'kuipeza pomwepo. Makamera anali paliponse, ndipo aliyense ankadziwa kuti kungolakwa pang'ono ndi ndege yobwerera kwanu. Mu nyumba imene tinkalondayo, chinthu chokha chimene chinasowapo chinali botolo la sanitaiza, ndipo alonda atatu tonse tinkadziwa kuti lili pansi pa bedi la mnzathu wa ku Lusaka.

Anthu ena pafoni amaika chithunzi cha ana. A Sajeni anaika cha injini ya boti. Imeneyi ndiyo inawabweretsa ku Dubai. Anaigula ndi thukuta la zaka zawo zoyamba pa ulonda, n'kupita nayo kwawo pa tchuthi chomaliza kolona asanabwere. Anaiyesa kamodzi panyanja, n'kuitsuka, n'kuiika m'kashedi kuseri kwa nyumba kuti iwadikire mpaka adzabwerere kukayamba usodzi. Nditafunsa za loko wa kashediko, anati chitseko amangomanga ndi chingwe kuti mbuzi zisalowe. Loko, iwo anati, ndi mwano kwa aneba.

Koma ndege zitasiya kuuluka, alendo odzaona malo anasiyanso kupita ku zilumba zija. Mahotela anatseka, ndipo anyamata onse amene ankanyamula zikwama ndi kuphika nsomba za azungu anabwerera kumidzi chimanjamanja. Akazi a a Sajeni anayamba kutumiza nkhani zachilendo. Kwa uje kwasowa nkhuku. Kwa uje munthu wadula mkoko wa nthochi usanakhwime. Kwa aphunzitsi kwasowa silinda ya gasi, ndiwo zili pamoto. A Sajeni ankangoti ndi ana akusewera.

Tsiku lina masana, tikudya mpunga wa kampani m'kachipinda ka alonda, foni yawo inalira. Anayankhula m'chiyankhulo chakwawo, mawu ochepa chabe, kenako anaika foni pansi n'kuyamba kuyang'ana khoma. Mpunga unazizira.

"A Sajeni, kwagwanji?" ndinafunsa. Masiku amenewo foni ya kumudzi inkatanthauza maliro.

"Injini," anatero. "Yapita."

Kunena zoona, ine mtima unakhala pansi kuti si munthu. Mnzanga wa ku Lusaka anati "sole, ba mudala", n'kufunsa ngati mpungawo audyabe.

A Sajeni anangomukankhira mbaleyo. Koma m'mawa mwake anadzuka ali wapolisi. Titangofika pantchito anaimbira akazi awo foni yoonana nkhope, n'kuitsamiritsa pa botolo la madzi patebulo la pakhomo, ife awiri titasuzumira m'mbali. Mayiwo anali onenepa, a nkhope yosaseka wamba, ndipo zinkaoneka kuti upolisi wa amuna awo anatopa nawo kalekale. A Sajeni ankalamula, n'kumatimasulira ife.

"Tsitsa foni pansi. Yenda pang'onopang'ono. Ima pomwepo. Mapazi awo ndi a ndani?"

"Ndi anga," anayankha mayiwo. "Ndimakhala pano."

Chapatali pang'ono panali mapazi ena a jombo, a anthu awiri, ozama pobwerera kusiyana ndi popita. Chitseko sichinathyoledwe. Chingwe chomangira chija anachimasula, n'kuchikulunga bwinobwino, n'kuchikoloweka pamsomali. A Sajeni anauza akazi awo kuti ayandikitse foni pachingwepo. Anachiyang'anitsitsa.

Ine ndinapereka nzeru za kwathu: atumize munthu kumsika wa zitsulo msanga, chifukwa pofika mawa injiniyo ikhala ili zidutswazidutswa. Anati pachilumba pawo msika wa zitsulo palibe. Mnzanga wa ku Lusaka anati akudziwa mneneri wina amene amaona akuba kudzera pafoni, bola umutumizire kaye mayunitsi. A Sajeni anati nkhaniyi ndi ya boma, ipita kupolisi.

Mkulu wa polisi pa kachilumbako anali mnyamata amene a Sajeni anamuphunzitsa okha ntchito, komanso anali mwana wa achemwali a akazi awo. Anabwera tsiku lomwelo, masiki kukamwa, n'kulemba zonse, n'kuyeza mapazi aja ndi ndodo, n'kulonjeza azakhali akewo kuti wakubayo sagona tulo. Kenako kunangoti zii. Akazi a a Sajeni akapita kukafunsa, ankawauza kuti apolisi onse ali panyanja. Boma linali litaletsa kuwoloka kuchoka pachilumba china kupita pa china, ndipo ntchito yaikulu ya apolisi masiku amenewo inali kuthamangitsa mabwato ndi kutulutsa agogo m'madzi amene apita kukasamba nthawi yoletsedwa.

Masabata atapitapo, a Sajeni anatopa n'kuyamba kufunsa okha anthu owakayikira. Mndandanda wake sunali wovuta, chifukwa pachilumba ponse wakuba weniweni, wodziwika ndi wovomerezeka, analipo mmodzi. A Sajeni anamumangapo kambirimbiri mpaka anazolowerana, moti pa ukwati wa wakubayo mboni anali iwowo. Nthawi imeneyo n'kuti atangomutulutsa kumene kundende ya pachilumba chachikulu, pamodzi ndi akaidi ena amene boma linawamasula poopa matenda.

Anamuimbira ife tili pomwepo. Sitinkamva mawu, koma tinamva kuti munthu wa mbali inayo wakwiya kwambiri. Atadula foni, a Sajeni anatimasulira.

"Akuti ndamunyoza. Akuti iye angabe injini n'kuima kaye kumakulunga chingwe ngati ali pa mayeso? Akutinso akanaigulitsa kwa ndani, poti aliyense amaidziwa. Paja ndinaiyendetsa pa wilibala kuchoka padoko mpaka kunyumba ngati mkwatibwi."

"Ndiye mwamukhulupirira?"

"Sanandinamizepo. Akaba amavomera, amangokana mtengo wa katunduyo."

Wakubayo ananenanso kuti chilumba chonse chikumuloza chala, ngakhale mkazi wake yemwe, ndipo kuti ayeretse dzina lake aifufuza yekha injiniyo. Mnzanga wa ku Lusaka anati dziko limenelo akufuna akalione asanafe.

Sipanapite nthawi, uthenga unafika. Inali kanema yaifupi yogwedezekagwedezeka. Poyamba tinangoona madzi ndi mawondo a munthu, kenako jombo, kenako msana wa wapolisi atagwira chiwongolero. Kumbuyo kwa botilo kunali injini yopakidwa penti ya buluu mothamanga, penti ina itadontha mpaka pathabwa. Wakuba uja anali ataimva kulira kwake ali kumtunda n'kuikayikira, ndiye kuti aione bwino anapalasa bwato dala nthawi yoletsedwa. Apolisi anamuthamangitsa, n'kumugwira, n'kumukweza m'boti lawo, iye n'kumajambula foni ili pakati pa miyendo.

A Sajeni anaonera kanemayo, n'kuibwereza, n'kuibwerezanso atayandikitsa foni kukhutu.

"Akuithamangitsa kwambiri," anatero. "Injini yatsopano sayendetsa chonchi."

Ife awiri tinayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Tinaseka mpaka masiki ananyowa. Mnzanga wa ku Lusaka anachita kukhala pansi pa matailosi. Supavaiza wathu, amene ankationera pa kamera ali ku ofesi ina, anaimba pa wailesi ya m'manja kufunsa ngati wina wakomoka, ndipo atamva kuti ndi kuseka anati khalas, zakwana, aliyense aime pamalo pake motalikirana.

A Sajeni sanaseke. Anatuluka panja, padzuwa lija la ku Dubai lowotcha ngati mbaula, n'kuimbira mkulu wa polisi uja. Ndinkawaona pagalasi ataima njo, dzanja limodzi kumbuyo, ngati akuyendera perete. Zimene anamva anandifotokozera madzulo m'basi ya kampani. Mipando ina inali yomata mapepala oletsa kukhalapo, choncho iwo anali kutsogolo kwanga, ndipo ankayankhula osatembenuka.

Injini ya boti la polisi inali itafa, ndipo zitsulo zake sizikanabwera popeza ndege kunalibe. Akuluakulu a kulikulu ankafuna boti panyanja tsiku ndi tsiku. Mnyamatayo anakumbukira kuti m'kashedi ka azakhali ake muli injini yongokhala, ndiye anapita ndi wapolisi mnzake kukabwereka tsiku limene mayiwo anali kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga. Ankati aibweza asanazindikire. Koma mayiwo atafika papolisi kudzadandaula, anapeza anyamata ake onse ali pomwepo, ndipo iye anachita manyazi n'kutsegula mlandu. Mlandu utatsegulidwa, injini sikanabwereranso popanda wakuba. Ndiye anangoipaka penti.

"Ndinamufunsa kuti nanga mlanduwo uli pati pano," anatero a Sajeni. "Akuti, tikufufuzabe, amalume."

Ndinaluma mlomo mkati mwa masiki.

Basi itakhota kulowa ku Al Quoz anawonjezera, motsitsa mawu: "Kukulunga chingwe kuja ndinamuphunzitsa ndine. Ndinazindikira tsiku lomwe lija. Ndinkangofuna kuti akhale wina."

Apo kuseka kunandithera.

Masiku otsatira ankangotembenukatembenuka pabedi, ine pamwamba n'kumagwedezeka nawo. Akanatha kukanena kulikulu, mnyamatayo n'kuchotsedwa ntchito. Koma mahotela atatseka, malipiro okhawo amene anatsala ku banja lonse la kuchikazi anali a wapolisiyo. Ankadyetsa amayi ake, azing'ono ake, ndi ana a azing'ono akewo. A Sajeni anandifunsa kuti kwathu tikanatani. Ndinati kwathu injiniyo sitikanaionanso, ndiye funsolo silikanabwera n'komwe.

Pomaliza sanachite kanthu iwowo. Anangouza akazi awo zonse, ndipo mayiwo anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita kwa achemwali awo, amayi a mkulu wa polisi. Zimene anakambirana kumeneko palibe anatiuza. Chimene tinaona ndi kanema ina, yojambula mwana wa aneba: apolisi awiri atanyamula injini pamtengo ngati nyama ya kuuzimba, mkulu wawo ali patsogolo, dzuwa lili paliwombo, anthu ataima m'makonde mwawo kumaonerera. Mlanduwo anautseka polemba kuti katundu wapezeka patchire. Wakuba uja, amene ankasungidwabe chifukwa chopalasa bwato nthawi yoletsedwa, anamumasula tsiku lomwelo a Sajeni atalamula, ngakhale iye anadandaula kuti amutulutsa asanamalize kukonza denga la chitokosi.

Kuchokera pamenepo a Sajeni anasintha. Tsiku lina tikupukuta tebulo la pakhomo anandifunsa, ngati akufunsa za matenda obisika, kuti loko wabwino amaoneka bwanji. Ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. Ndinawaphunzitsa zonse zimene Ndirande inandiphunzitsa: loko wa mkuwa wolemera, osati timaloko totsegula ndi foloko, zitsulo m'mawindo, zowotcherera mkati osati kunja, mpanda wa njerwa wothira mabotolo oswa pamwamba, galu wosapatsidwa chakudya ndi alendo, ndiponso kuyatsa wailesi pochoka kuti anthu aziyesa muli munthu. Ankamvetsera ngati mwana wa sukulu. Za mabotolo zokha ndi zimene anakana. Anati ana a aneba amadumpha pamenepo pokathyola mango.

"Ndiye cholinga chake chimenecho, a Sajeni."

"Mango ndi a ana," anatero.

Malamulo atafewa pang'ono tinapita limodzi ku sitolo ina ya zitsulo ku Al Quoz komweko, n'kugula loko wamkulu ngati chibakera. Koma njira yomutumizira panalibe, choncho anakhala m'sutikesi pansi pa bedi.

Kumudzi kuja akazi awo sanadikire loko. Boma litalola asodzi kubwerera panyanja, anatenga injini ija, ya buluu chomwecho, n'kuipereka kwa wakuba uja kuti aziphera nsomba n'kumagawana. A Sajeni atamva anatsala pang'ono kumeza masiki. Mayiwo anawayankha kuti injini yongokhala m'shedi imaitana manja, ndipo pa anthu onse a pachilumbapo, uyu yekha ndi amene anasonyeza kuti sanaibe. Nsomba zimenezo zinadyetsa mabanja awiriwo mpaka matenda anachepa, ndipo zina, ndinamva, zinkapita kwa amayi a mkulu wa polisi.

Chaka chotsatira maofesi anayamba kutsegulidwa, koma eni nyumba anati alonda atatu pakhomo limodzi achuluka. Kontrakiti ya a Sajeni itatha, kampani sinaionjezere. Iwo sanadandaule. Anapukuta nsapato, n'kupinda yunifomu, n'kundisiyira bedi la pansi ndi ketulo. Mnzanga wa ku Lusaka anawapatsa botolo la sanitaiza ngati mphatso, ndipo iwo analandira ndi manja awiri osafunsa kumene lachokera. Basi yopita ku bwalo la ndege itafika anatigwira chanza, chinthu chimene chinali chisanaloledwebe, n'kutiuza kuti tidzapite kukawaona, inshallah.

Tinkalemberanabe mwa apo ndi apo. Alendo anayamba kubwereranso pang'onopang'ono, koma anati chilumba sichinabwerere mwakale. Anthu anali atazolowera kutseka zitseko, ndipo panali anyamata ena amene anazolowera kuzitsegula. Mkulu wa polisi uja ankapatsana naye moni kutchalitchi, basi. Panyanja ankapita ndi wakuba uja, amene anakana kuchoka pa chiwongolero ponena kuti injiniyo inamuzolowera iye.

Uthenga womaliza umene ndinasunga unafika ndili pakhomo paja, kamfuti koyezera kutentha katabwezedwa kale ku sitolo ya kampani. Anati anamvera malangizo anga n'kuitanitsa zitsulo za m'mawindo kuchokera ku chilumba chachikulu. Zinafika pa sitima, n'kuzitsamiritsa pakhoma kudikira wowotcherera, amene anali ku ukwati. Pamene wowotchererayo ankafika, zitsulozo kunalibe. Ankafunsa ngati kwathu zoterezi zimachitika, ndiponso ngati ndikuona kuti n'koyenera kukanena kupolisi.